Masiku Asanu ku Arran

Tinanyamuka ku Paisley kusanache,
ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi,
aliyense ndi chikwama chomuposa msinkhu.
Mayi ake a Struan anandikokera pambali:
"Sanagonepo kwina. Usiku amafuna nyale."
Ndinalemba pachikhatho: Struan, nyale.
Mvula ya padoko inafufuta zonse.

M'sitima ya pamadzi Morven anasanza kawiri,
ndipo amene anamugwirira tsitsi
ndi Zofia, yemwe chaka chonse
sanamupatsepo ngakhale moni.

Mafoni tinawatsekera m'bokosi lachitsulo.
Tsiku loyamba manja ankangolowa m'matumba
kukafufuza chomwe mulibe,
ngati lilime lofunafuna dzino lozulidwa.
Pofika Lachitatu palibe anafunsa za kiyi.

Miyezi itatu ndakhala ndikujambula pabolodi
mmene madzi oundana anasemera zigwa,
choko kutha, mawu kusasa,
iwo akuyasamula.
Koma Rhona ataima pakati pa chigwa chenicheni,
jombo zitamira m'matope,
anayang'ana uku, nayang'ana uko,
nati, "Kani n'chimenechi!"
Anatola mwala wokandikakandika
nkuubisa m'sokosi ngati ndalama.

Pali mwana wina, Tavish, wokhala kumbuyo kwenikweni.
M'kaundula wanga ndinamulemba kuti
"waulesi, sasamala."
Nkhungu itatiphimba paphiri,
ine ndikutembenuzatembenuza mapu, mtima uli phaphapha,
iye anandilanda mwaulemu,
nayala pabondo, naloza kamtsinje:
"Aphunzitsi, tapotoka pang'ono.
Madzi akhale kumanzere kwathu."
Tonse tinayenda pambuyo pake, ndi ine ndemwe,
mpaka denga la hositelo linaonekera
ndi agwape awiri akudya udzu pakhomo.

Iqra anali asanasendepo mbatata.
Yoyamba inatsala ngati nsangalabwi.
Phala linapserera, tinadya lomwelo,
ndipo pa za mbale panabuka mkangano
umene ndinaumvera ndili kuseri kwa chitseko,
dzanja pachogwirira, osalowa.
Anauthetsa okha. Sindikudziwa bwanji.

Za nyale ndinakumbuka usiku wachiwiri, mochedwa.
Ndinathamanga m'khonde wopanda nsapato
nkupeza kakuwala pansi pa bulangeti:
Bartek anali atamubwereka tochi yake,
iye nkugona mumdima.
Mamawa ndinawapeza awiriwo kochapira
akufinya nsalu ya pabedi.
"Ndinatayirapo tiyi," anatero Bartek,
maso ali gwa, osaphethira.
M'chipinda chawo simunalowepo tiyi.
Ndinati, "Mawa usamale," nkuwapatsa sopo.

Zimenezi sizidzabwera pamayeso.
Palibe fomu ya ku ofesi yokhala ndi mpata
wolembapo kuti mwana ananama bodza labwino,
kapena kuti Morven, wolira pa chingwe chotsikira thanthwe,
anatsika ndithu, akulira chomwecho,
nafika pansi nkufunsa ngati angabwereze.

Lachisanu basi inaima pageti la sukulu,
ikununkha sokosi zonyowa ndi makoko a malalanje.
Mayi ake a Struan anatambasula dzanja
kuti alandire chikwama.
"Ndinyamula ndekha," iye anatero,
ndipo mayiwo anatsala ndi dzanja m'malere,
osadziwa kuti aseke kapena atani.

Lolemba Tavish anakhalanso kumbuyo,
ntchito ya kunyumba osalemba, monga kale.
Zofia ndi Morven akhala motalikirana,
ngakhale ndaona rabala ikudutsa pakati pawo.
Madzulo, ana atapita,
ndinatsegula kaundula pa tsamba lija
nkukhwatcha mawu awiri aja.
Cholemba m'malo mwake sindinachipezebe.
Mwala wa Rhona uli pawindo la kalasi,
ndipo matope a ku Arran akadali m'jombo zanga,
sindinazitsuke.