Muvi wa Mafuta

Pijo ya malemu bambo inandinamiza tisanafike pa Chinkhoma.
Muvi wa mafuta unali chiimire pa theka,
nkhope gwa, ngati mboni yogulidwa,
koma injini inatsokomola kawiri n'kuti zii.
Ine, matumba asanu a soya,
ndi dzuwa loswa mtengo.
Inatikoka ndi ngolo ya ng'ombe,
ana akutithamangira, akuimba hutala ndi pakamwa.

Lufeyo wa mawaya amakhala kuseri kwa chigayo.
Sagwira sipanala zikuluzikulu.
Zida zake ndi babu la njinga yamoto
lomangirira ku mawaya awiri,
kasikuludilaiva kothyoka chigwiriro,
ndi kusapupuluma.

"Geji sinama, achemwali," anatero.
"Imangonena zimene yauzidwa.
Tifufuze amene akuiuza."

Anayamba ndi mafyuzi.
Yachitatu inali yokulungidwa
m'pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu.
Ndinalizindikira.
Bambo anasiya fodya chaka chimene ndinalemba sitandade eyiti,
ndiye pepalalo lasenza moto
zaka makumi awiri ndi zitatu
popanda wolithokoza.

"Yatsani magetsi akutsogolo."
Ndinayatsa.
Muvi wa kutentha unalumphira kofiira
injini ili yozizira ngati mtsuko.
Lufeyo anaseka. "Ethi."
Analowa chagada kunsi kwa chiwongolero,
miyendo kunja, patapata mmodzi atavuka,
n'kumandipatsira zimene ankapeza:
chisa cha makoswe,
makoko a mtedza,
lisiti la ku okushoni lofufutika manambala,
kenaka waya wakuda wolendewera,
kabawuti kake katadyedwa ndi dzimbiri.
"Moto ukapita umafuna njira yobwerera kwawo.
Ukaisowa, umadutsa m'nyumba za eni."
Anapala chitsulo mpaka chinayera,
anamanga, anamangitsa.
Muvi wa kutentha unatsika n'kukhala pansi
ngati munthu amene wamva kuti mlandu si wake.

Wa mafuta uja, ayi.
Theka.

Tinatsitsa soya yense kuti tifike pa thanki.
Anazula waya wapamwamba pake,
anangomugunditsa ku chitsulo.
"Ukutani?"
"Wathamanga! Wafika kumapeto!"
"Basi, geji ndi yamoyo, wayanso ndi wamoyo.
Wodwala ali m'kati."

Mabawuti asanu ndi limodzi, lomaliza linavuta,
linafuna parafini ndi mawu amene sindingalembe.
Chinatuluka chinthu chonga chikho cha mkono wautali,
choyandama chimene chinaleka kuyandama kalekale,
mfundo yake itauma pamalo amodzi.
Mafuta adzaze, mafuta aphwe,
icho chinkangonena za tsiku limene chinaumira.
Lufeyo anachitsuka, anachiwongola pang'onopang'ono
monga ndinkachitira ndi chigongono cha bambo
miyezi yawo yomaliza ija.
Sindinamuuze.
Ndinapita kukayang'ana nsanza kuseri kwa mpando.

Nsanza sindinaipeze.
Ndinapeza kansungwi kotalika ngati mkono,
kakuda kunsonga, konunkhabe petulo,
kochekedwa mizere ndi mpeni.
Pamzere uliwonse, zilembo zawo zopendama zija.
Wapamwamba: Kanengo.
Wapakati: Boma ndi kubwerera.
Wotsatira: Tchalitchi.
Wapansi penipeni, pafupi ndi nsonga:
Usayese.

Ankadziwa, kani.
Zaka zonsezo ndili pambali pawo
ndikuwawerengera muvi monyada, "Theka, ababa!"
iwo n'kumati, "Chabwino, mayi, tifika,"
atayeza kale m'bandakucha ine ndili m'tulo.

Lufeyo ndinamulipira ndalama ndi ndowa ya soya.
Fyuzi anaika yatsopano;
pepala lonyezimira lili m'chikwama changa.
Tsopano muvi umayenda,
umatsika ndikamakwera chitunda cha ku Chiwengo,
umanjenjemera pa mabampu, umanena zoona.

Komabe Lachisanu pa filing'i ya pa Kasungu
mnyamata wothira mafuta anandiyang'ana modabwa
nditatsegula thanki,
n'kuviika kansungwi,
n'kukaonetsa kudzuwa.
Panyowa mpaka pa Boma ndi kubwerera.
Ndinati, "Onjezera ya faivi sauzande."