Kalembera wa ku Mpatsanjoka

Fomu ya a Nankhoma ili ndi mabokosi atatu:
zazimuna, zazikazi, anapiye.
Ilibe polemba kuti "bango linangogwedezeka."

Ndimalowa m'dambo tambala asanabwereze kulira,
madzi m'chiuno, jombo zodzaza thope,
misundu itayamba kale kundiwerenga ine.
Ndimakweza kasipika pamwamba pa mutu
kuti kalire ngati nthutuwiri,
kenako ndimaima chilili mphindi zisanu
kudikira wondiyankha bodza langali.

Kumanzere, imodzi. Ndachonga.
Kuseri kwa gumbwa, ina.
Kapena ndi yomwe ija
yangozembera pansi pa mlulu
kuti imuone bwino wopusa wa pensuloyu?

Alendowa sagogoda.
Amatera usiku ndi mvula zoyamba,
ena akuti athawa chisanu cha kwawo
kumene ine sindidzapondako,
ndipo mpunga ukacha, pogona pawo papola kale.

Mu Januwale tinakola makumi anayi ndi ziwiri.
Tinaziyeza m'kathumba mitu ili pansi,
tinaona milomo ngati yafiira kapena ikadali yaubwana,
n'kuziveka mphete kumwendo.
Masamu ake akuti ndi ofewa:
kolanso mwezi wamawa, werenga zamphete,
chulukitsa, gawa,
dambo lonse liulula lokha.
Tinakolanso makumi atatu.
Yamphete, imodzi.
A Nankhoma anatafuna cholembera mpaka madzulo.

Loweruka pamsika wa Lifuwu
ndinakumana ndi Twaibu, mnyamata wa misampha,
m'khosi mwake kachingwe,
pa kachingwepo mphete zathu zisanu ndi imodzi.
Ina nambala yake ndinaidziwa:
yaikazi ija inandijompha chala chamanthu,
chipsera ndikadali nacho.

Ndinamufunsa zimene fomu imafunsa.
Anati zachepa chaka chino,
anapiye ndiye palibiretu,
madzi anachedwa, zisa zinapsa ndi lupsa,
nadititi zasamukira chakumpoto kwa mlatho.
Wadziwa bwanji? Anangonyamula dengu lake
ndi chala chimodzi.

Ndinagula mphetezo, zokazinga ndinazisiya.
Mawu ake ndinawalemba m'mphepete mwa pepala,
mopingasa, poti analibe bokosi.

Lero batire lafa ndili pakati pa dambo.
Ndaima chete, udzudzu ukudya makutu.
Patali ndi mkono wanga umodzi
china chake chikuyenda m'madzi,
chikusamala phazi ngati wakuba.
Sindikuchiona.
Pensulo ili m'mwamba, sinagunde pepala.