Lachiwiri, M'chipinda cha Kumapeto

Fani inafa chaka chatha.
Thukuta langa likudonthera pakaundula
pamene Abiti Sumani akundiikira patebulo
kabuku kachipatala kopindika m'makona,
kokutidwa ndi pepala la shuga.

Anyamuka ku M'baluku mbandakucha,
awoloka mlatho pa kabaza awiri,
wina wawo, wina wa Twaibu,
amene wakhala apo, maondo pamodzi,
zikhadabo zidakali ndi madontho a hina
amene wina anayesa kupala ndi lezala.

"Adokotala, lembani kuti ndi mutu.
Lembani kuti wazungulira.
Mutumizeni ku Zomba akamubaye jakisoni."

Ndamufunsa tsiku, walitchula.
Ndamufunsa kumene tili, waseka pang'ono.
Wawerenga chobwerera kuchokera pa handiredi,
kuchotsera seveni seveni,
mpaka ine wofunsa kutsalira m'mbuyo.
Samva mawu m'makutu. Saona zimene ena saona.
Amapalasa makina pakhonde la sitolo kumsika,
ndipo akwati atatu chaka chino
avina atavala ntchito ya manja ake.

Bambo Kalawe, amene anandiphunzitsa ntchito ino,
alowa kudzabwereka chidindo.
Amva zonse, makoma athu ndi a pulayiwudi.
"M'buku lathu lija lachikuto chong'ambika zinalimo.
Ngakhale tsamba lake ndikulikumbuka."
Ndati, "Anafufuta kalekale, bambo."
"Anafufuta ndani? Anatifunsa ife?"
"Nanga polemba muja anatifunsa?"
Atola chidindo, atuluka,
chitseko achisiya pululu.

Mayi aja asendeza mpando.
Mawu atsika, Chichewa chayamba kupendekera ku Chiyao.
"Mwanawe, sukulu sindinapite koma maso ndili nawo.
Ndikudziwa satola mapepala pamsewu.
Ndikudziwa savula pagulu.
Koma wodwala sagendedwa.
Wodwala apolisi samutenga.
Wodwala amamuphikira phala, amamuchitira duwa,
amalume ake amabweza chikwanje kudenga.
Ndipatseni dzina la nthenda
ndikalipachike pakhomo panga."

Cholembera chalemera ngati mtsuko wodzaza.
Izi kukoleji sanatiphunzitse:
bodza lofunda ngati bulangete,
mayi akulipempha ndi manja awiri.

Adhana ya masana yalowera pazenera.
Twaibu wadikira kuti ithe,
ndiye wayankhula, maso ali pa silipasi za mayi ake:
"Amayi, mukandiveka dzinalo
adzandivule ndani?
Wamisala akati andimenya, amati ndi mutu.
Akati ndakonda, amati ndi mutu.
Ndani adzabweretsa nsalu kwa telala wopenga?
Miyala ija ndimaiona ikubwera, ndimazinda.
Ili ndilizinda bwanji
likakhala m'kabuku kanga komwe?"

Palibe wayankha.
Panja wina akukokera chidebe pasimenti.

Ndamuuza akweze malaya.
Pamsana pali mizere itatu, umodzi udakali wauwisi.
Wagona liti tulo tenitweni? Sakumbuka.
Amadya? Akamuyang'ana amayi.
Waganizapo za mtsinje uja pansi pa mlatho?
Kachetechete.
Kenako: "Kawiri."
Abiti Sumani agwira pakamwa ndi mpango.
Ichi sanachidziwe.

Ndiye ndalemba zimene ndapeza:
kusowa tulo,
mabala a chikoti,
mantha,
mtima wotopa wofuna woucheza nawo.
Abwerenso Lachiwiri likudzali, pamodzi ndi mayi.
Mzere umene ankaufuna uja
ndausiya woyera.

"Mwalemba?"
"Ndalemba zomwe zikumupweteka."
"Nanga chinacho?"
"Chinacho sindinachipeze m'gulu la matenda, mayi."
Ayang'ana zilembo zanga nthawi yaitali
ngati munthu woyang'ana mtambo mu Okutobala,
apinda kabuku, akalowetsa pachifuwa.

Sanathokoze. Sanatukwane.

Pazenera ndawaona pageti akuwerenga makobidi.
Yatsala ya kabaza mmodzi.
Twaibu wawakweza, wawakonzera chitenje
kuti chisakodwe m'masipoko,
iye n'kumatsatira pansi, dzuwa lili paliwombo,
dzanja limodzi litagwira keriyala.

Bambo Kalawe abweza chidindo.
"Mwalemba chiyani?"
Ndawapatsa kaundula. Awerenga, apukuta magalasi,
awerenganso.
"Wotsatira," ndaitana.