Mizu

Ku Lizulu kunja si kutali.
Ukangowoloka phula waponda Mozambique,
wagula mafuta ophikira, wabwerera
tiyi asanazizire.
N'chifukwa chake nditati, "Bambo, ndikupita kunja,"
sanadzutse n'komwe mutu
pa thumba la mbatatesi limene ankasoka.
Anangoti, "Pobwera undigulireko mabatire."

Ndinayamba chaka chatha, chisanu cha Juni chikuluma zala,
laputopu yong'aluka galasi ili pamiyendo,
yotchajitsa kwa Bvalani wometa tsitsi.
Masana ndinkalembera mapulogalamu
anthu amene nkhope zawo sindinazionepo.
Usiku ndinkajambula zilembo
zonga mapazi a nkhuku pa ufa woyanika,
china ngati makwerero,
china ngati munthu wasenza chitseko.
Bando ikatha pakati pa phunziro
Mayi Kuramoto ankauma pagalasipo, kukamwa kuli yasa,
ine n'kumawadikira amalize mawu
mpaka Lachisanu, tsiku lolandira.

Koma chinenero chawocho n'chanthabwala.
Zikuoneka kuti mawu athu ananditsogolera kale kumeneko
ndipo anakalembedwa ntchito zina.
Mame kwa iwo ndi nyemba.
Uchi ndi kunyumba.
Ine, ine amene, ndi mpunga uli m'munda
usanamwetedwe.
Mayi ako ukamawatchula kwa alendo umati haha,
ndipo amayi atamva anasekadi,
tomato n'kugubuduka pabenchi mpaka mumsewu.
Nanga mizu?
Mizu ndi madzi.
Limeneli sindinauze munthu.

Tsiku londifunsa za ntchito
kwawo dzuwa linali litakwera, kuno tambala asanalire.
Ndinavala jekete ya mchemwali wanga pamwamba,
pansi chitenje ndi masokosi awiriawiri.
Ndinawerama monga anandiphunzitsira,
mphumi n'kugunda tebulo, kandulo n'kugwa.
Amuna atatu a masuti anakhala chete.
Kenako mmodzi anafunsa chimene ndikufunira kubwera.
Yankho laulemu lija, loloweza milungu itatu,
linathawa ngati mbuzi yodula chingwe.
Ndinangowauza, m'Chijapani chotsimphina,
kuti kwathu netiweki timaipeza pachulu,
ndipo ndikufuna kudziwa
mmene anthu amaitsitsira pansi.

Kalata inabwera mbatatesi zikuchita maluwa.
Fukuoka.
Amayi akulitchula ngati dzina la matenda a nkhuku.
Bvalani akuti ndikamutumizire makina ometera osalira.
Abusa andipempherera kawiri,
kachiwiriko atamva kuti kumeneko nthaka imagwedezeka.

Dzulo bambo anandiitana kuseri kwa matumba.
"Nanzunga, kunja kwakoko,
pabasi m'masiku angati?"
Ndinati, "Ndege zitatu, bambo."
Anawerenga zala, naleka.
Anayang'ana tsidya la msewu
kumene mnyamata wina ankakankha njinga ya makala
kuchoka dziko lina kulowa lina
osatsazika munthu.
Kenako anasolola chisingano chawo chosokera matumba,
chopindika, chakuda ndi thukuta la zaka makumi awiri,
nachikulunga m'pepala la shuga.
"Chikwama chikakang'ambika."
Sindinawauze kuti pabwalo la ndege akhoza kundilanda.
Ndachibisa m'kati mwa nsapato, pansi pa sutikesi.

M'mawa uno nkhungu yatsika m'phiri
yaphimba msika wonse,
kabichi, mabasiketi, mayiko awiri onse.
Kondakitala akukuwa Lilongwe, Lilongwe,
ngati kumeneko ndiye kumathero.
Ndikubwereza chamumtima moni wa kuofesi,
kupepesa kwa mitundu inayi,
mawu opempha tchuthi maliro akagwa kwathu,
amene Mayi Kuramoto anadabwa nditawafunsa msanga.

Ndikudziwa tsiku lina ludzu lidzandigwira
pansanjika ya khumi ndi chiwiri, pakati pa makompyuta.
Ndidzapempha mizu.
Adzandipatsa m'kapu yapepala,
ndidzamwa, ndidzathokoza mowerama.

Basi yayamba kuyenda.
Bambo akuthamangira pawindo, chipewa m'manja,
akugogoda galasi.
Ndatsegula.
"Mabatire aja," akutero,
"aakuluakulu. Usaiwale."