Moni Wosungidwa M'thumba la Jekete

Foni yanjenjemera ndili pa siteji ya Kaphatenga,
njinga nditaitsamiritsa pa mtengo wa nimu,
thukuta likutsetsereka msana wonse.
Ndi Ndaziona.
Mawu ake atalika mphindi zisanu ndi ziwiri,
bandulo yanga ndi ya tsiku limodzi.
Ndatsegulabe.

"Achimwene, ndafika.
Kuno dzuwa limatuluka ngati munthu wangongole,
mochedwa, mozemba, osayang'ana munthu kumaso.
Ikamakwana folo koloko lathawa kale.
Ndikayankhula panja, pakamwa pakufuka utsi.
Tsiku loyamba ndinkayesa ndikupsa m'kati."

Anzanga a kabaza aunjikana.
Bwanali akuti kweza, kweza timve nawo.

"Zitseko zikutseguka zokha ndisananene odi.
Agalu avala majuzi,
ndipo mwini galu amatola yekha zimene galu wasiya.
Musaseke, ndaona ndi maso angawa.
M'sitima muli zii ngati pa mayeso.
Ndinapereka moni kwa mayi wina, mpando umodzi,
iye anakumbatira chikwama chake.
Ndiye moni wanga ndikungosunga,
wadzaza thumba la jekete,
ndidzabwera naye."

Bwanali wapukusa mutu.
Wogulitsa chinangwa waiwala kubweza chenje.

"Aphunzitsi ndi bambo aimvi
ngati amalume a ku Khombedza,
koma akuti ndiziwatchula dzina lokha, lopanda ulemu.
Lilime langa likukana, likugwada lokha.
Dzina langa nalo lawakanika.
Aliduladula, latsala Ziona,
ndipo akaitana ndimayamba ndacheuka
kuona ngati pali wina kumbuyo kwanga.

M'sitolo ndinapeza mango, limodzi lokha,
lovekedwa kaneti ngati khanda lothawa udzudzu.
Ndinawerengetsa mtengo wake m'makwacha:
maulendo anu asanu ndi atatu opita kumsika.
Ndinalinunkhiza. Silinunkha kanthu.
Ndinalibwezera pomwepo.

Njinga zilipo, achimwene, zambirimbiri,
zili ndi msewu wawowawo wopaka utoto,
palibe lole yoziopseza.
Koma ndayang'ana sabata yonse,
palibe wonyamula mnzake."

Apa mawu aima.
Kamzere ka pa foni kakuyendabe,
mukumveka kachitsulo kena kakulira tii, tii m'chipinda chake,
kenako mphuno kufwenthera.
"Ndi chimfine chabe," akutero.

Chimfine chimenecho ndimachidziwa.
Chinamugwira pa keliyala panga pomwepa
m'mawa umene ndinkamupititsa ku sekondale,
sutikesi pamwendo, chidebe kumanja,
ine ndikupalasa osacheuka
kuti asadziwe kuti chandigwira nane.

Madzulo ndikawamvetsa amayi za agalu ndi zitseko.
Akaseka mpaka kugwira nthiti.
Pofika pa njinga ndikati netiweki yavuta.

Mayi wina wafika ndi thumba la mpunga wa ku Lifuwu,
akufunsa ngati ndikupita kapena ndikucheza.
Ndati mayi, pepani, kamphindi.
Ndadina kabatani kojambula mawu,
koma ndinene chiyani ine
amene sukulu inandithera mu sitandade sikisi?
Limba mtima? Amadziwa kale.
Werenga kwambiri? Ndiye adatiposa tonse.

Ndangokweza foni m'mwamba
kuti imwe phokoso lonse la pano:
mahutala a minibasi, kondakitala akulumbira kuti watsala mmodzi,
mbuzi yomangidwa pa keliyala ya Mdala Sitima,
wailesi ya kwa telala.
Kenako ndaiyendetsa pakamwa pa aliyense.

Bwanali: wawa, achemwali, mwaswera?
Wachinangwa: tikuoneni, asisi.
Mdala Sitima wavula chipewa kupatsa moni foni.
Ngakhale mayi wampunga, wosamudziwa n'komwe,
wawerama nati, mwadzuka bwanji mwanawe kumeneko,
nanga anzako adzuka bwanji?

Ndatumiza.
Pakona pangotuluka kawotchi kakang'ono.
Bandulo yatha.

Ndakweza thumba, ndamanga ndi lamba wa chubu,
mayi wakhala, ndaponda pedulo.
Ulendo uno ndi wa mayunitsi.
Moni wa anthu asanu ndi awiri
akudikira m'thumba la malaya anga,
akutenthedwa ndi dzuwa la Salima
kuti akafike kumeneko akadali ofunda.