Mafayilo a Agogo

Tinatsegula sutikesi yanu Lachinayi, titabwerako ku Chingwere,
fumbi la kumanda likadali m'nsapato.
Amalume ankafuna mapepala a nyumba.
Tinapeza mafayilo khumi ndi anayi omangidwa ndi kachingwe kofiira,
mdzukulu aliyense yakeyake.

A Zefaniya Chisale,
munafika mu Lusaka pa lole ya fodya yochokera ku Chadiza,
mutavala jekete yobwereka, setifiketi ili pachifuwa.
Zaka makumi atatu ndi zinayi mu ofesi ya za malo ku Ridgeway,
m'chipinda chopanda zenera
momwe mapepala ankanunkha ngati nkhokwe ya chaka chatha.
Mapaundi anasanduka makwacha,
nduna zinabwera ndi magalimoto awo, zinapita,
inu njinga yakuda yomweyo,
kunyamuka ku Chilenje hafu sikisi,
thalauza litamangidwa pa akakolo,
maluwa a jakaranda akugwera pa chipewa mu Okutobala.

Munkanyowetsa chala musanatembenuze tsamba,
kaya la Baibulo, kaya la kalendala.

Mkulu wina wa ku Makeni anabweretsa mbuzi
kuti fayilo yake idumphe mzere.
Munaimanga pa keliyala n'kukaibweza,
ikulira msewu wonse, ana akukuthamangirani m'mbuyo.
A Tikambenji sanakulankhuleni masiku atatu,
poti mwezi umenewo kapenta anali wochita kuwerenga.
Nkhaniyi ankaisimba mpaka tsiku lawo,
akuseka, koma osati kwambiri.

Anzanu a mu ofesi anamanga mipanda ku Kabulonga.
Inu munadinda malo a anthu zikwizikwi
n'kumabwerera ku zipinda ziwiri za khansolo,
ku mtengo wa mapeyala womwe unkabereka ukafuna.

Penshoni munaidikira zaka zisanu ndi chimodzi.
"Fayilo yanu sikuoneka, bambo, mubwere mawa,"
anatero mnyamata wa tayi, maso ali pa foni.
Munavula chipewa,
n'kumuuza mwaulemu shelefu yoti akayang'ane.
Inali pomwepo.

Ine ndimakumbukira kandulo magetsi akazima,
mthunzi wa mutu wanu utadzaza khoma,
cholembera chofiira chikuyenda m'kope langa ngati linthumbu.
Ngakhale makalata anga ochokera ku sekondale
ankabwerako atakonzedwa,
m'kati mwake mutapindiramo ndalama ya sopo.
Ndinkakuopani. Ndisanene bodza pa maliro.
Mawu oti ndimakukonda sanatulukepo pakamwa panu;
munkangofunsa ngati ndadya,
n'kundipukuta nsapato usiku, mukuganiza kuti ndagona.

Fayilo yanga ndi iyi.
Khadi la kusikelo. Dzino langa loyamba mu envelopu ya boma.
Malisiti a fizi, onse, ngakhale a chaka chimene munagulitsa wailesi.
Lipoti la giredi seveni, pomwe ndinalakwa masamu,
pambali mutalemba timalemba tanu topendekeka:
"Adzakhoza. Tionenso chaka chamawa."
Tsamba lomaliza ndi la chaka chatha,
pomwe munayamba kunditchula dzina la amayi anga
ndi kuvala tayi Loweruka, kufunsa amene watenga njinga.
Dzanja likunjenjemera, mzere ukutsetsereka,
koma deti ndi lolondola,
ndipo dzina ndi langa.

Zaka makumi asanu ndi anayi kudza chimodzi.
Puloti akupatsani tsopano, agogo,
mamita awiri, nambala yolembedwa pa kachitsulo,
oyandikana nawo osachita phokoso.
Koma ndaona pa lisiti la manda
kuti akulembani Chisali.

Mawa ndilawirira ku khansolo.
Cholembera chanu ndachipeza, inki ikadalimo.
Ndikaima pa mzere, sindikadumpha munthu,
ndipo akandiuza kuti ndibwere mawa
ndidzabweranso.