Kadontho Kamodzi

Nsalu yoyera tinaipachika pa nkhafi ziwiri
zozika m'matope.
Jenereta ikutsokomola m'bwato la Zenon,
nyali ili ngwee,
dambo lonse la Biebrza lili bii.

Itakwana leveni koloko, akadziwotche anayamba kufika.
Oyambawo ndimawadziwa ngati ana a mnansi:
wamapiko a dzimbiri, wandevu, wonenepa uja
amene amagunda galasi ndi mutu
osaphunzirapo kanthu.
Ndinkangochonga m'kope.

Kenaka uyu.
Wotuwa ngati bango la chaka chatha,
timizere toonda totsata mitsempha ya phiko,
ndi kadontho kakuda kamodzi
pamene buku langa likuti tiwiri.

"Onsewa ndi ćma basi," anatero Zenon
akupha udzudzu pakhosi.
Wamweta bango kuno zaka makumi anayi,
amadziwa madzi oyenda ndi madzi ogona,
koma ku tizilombo touluka usiku
dzina limodzi limamukwanira.
Ine Bogumiła ndili ndi mayina zikwi zitatu
ndipo palibe lomukwana uyu.

Mwina kadontho kachiwiri kanafufutika
pokhulana ndi masamba.
Mwina ndi mphwake wa uja wa m'buku,
wofanana naye nkhope, wosiyana naye zam'kati.
Mapiko amanama.
Zoona zimabisala kunsonga kwa mimba,
ndipo kumeneko sungaoneko mwini wake ali moyo.

Ndinatsegula botolo.
Anakupiza kawiri, katatu,
fumbi lake linatsala pachala changa.
Zii.

Ku Białystok, m'chipinda chonunkha mankhwala,
ndinamubaya phini pamsana,
ndinatambasula mapiko pathabwa,
kamimba ndinakaviika, ndinakang'amba pansi pa maikulosikopu.
Tingowe tiwiri topindika, kamunga pakati.
Ndinafunyulula madilowa a akufa anzake
mpaka khofi anazizira.
Lachitatu masana ndinamupeza:
wina anamutcha kale dzina m'Chilatini
agogo a Zenon asanabadwe.
Si wachilendo. Kungoti kuno
kunalibe anamufunsapo.

Ndinalemba pakapepala kochepa ngati chikhadabo:
malo, tsiku, dzina langa pansi pa lake.

Mu Januwale madzi akauma gwa,
Zenon adzayenda pamwamba pake ndi chikwakwa.
Ndamutumizira kalata:
ngodya ija tinazika nkhafi muisiye,
mazira ali m'mapesimo.
Sanayankhe.
Mwina akuwerengera mitolo imene ataye
chifukwa cha kadontho kamodzi.